Blind ya zenera la padenga sigulitsidwa ngati katani

Okutobala akafika, majakaranda atayala maluwa m'misewu ya ku Avenues, foni ya m'shopu mwathu kuno ku Msasa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, sipuma. Oimba ambiri dandaulo lawo ndi limodzi: anaikitsa zenera padenga nthawi yozizira, analikonda, koma lero m'chipindamo simukukhalika. Ntchito yanga ndi yolandira anthu amenewa, kuwathandiza kusankha blind (chotchinga zenera chokoka), kukayeza, kenako kupita ndi mmisiri kukaika. Ndaigwira zaka zoposa khumi. Chaka chino mphwanga, mwana wa achemwali anga a ku Mufakose, walowa ntchito yomweyi pashopu ina, ndipo madzulo alionse amanditumizira mafunso pa WhatsApp. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndimamuyankha, kuti anzathu ena a kwathu amene akugulitsa makatani m'tauni muno atolepo kanthu.

Katani ya pakhoma imangolendewera, kulemera kwake komwe n'kumene kumaiwongola. Padenga galasi ndi lopendekeka, nsalu mukangoisiya imalendewera payokha, galasi n'kutsala poyera. N'chifukwa chake blind ya padenga imayenda m'tinjanji ta aluminiyamu mbali zonse ziwiri, kapena pa tizingwe tokungika, ndipo imaima paliponse pamene mwaisiya. Kasitomala akati mungomudulira roller wamba, blind ya nsalu yokulungika pandodo, chifukwa ndi yotchipa, mufotokozereni zimenezi poyambirira pomwe.

Funso loyamba: chikuvuta ndi kuwala kapena kutentha?

Ili ndi funso lomwe ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ndinaliphunzira movutikira. Ndili watsopano pantchito, kunabwera bambo ena achikulire a kwathu ku Dedza, okhala ku Greendale. Atamva dzina langa anasintha, Chishona n'kuchisiya, tinayamba kucheza Chichewa. Anati chipinda chomwe anakonza m'denga kuti azigonamo adzukulu chikufunika chotchinga. Ine kusangalala kuti ndapeza wakwathu, ndinangowasonyeza blackout, blind yodetsa chipinda, yabwino kuposa zonse, analipira, tinakaika. Sabata isanathe anabweranso, chipewa chili m'manja, nati: "Mwananga, mdima wokha ulipo, koma anawo akupsa ngati mbatata ya m'phulusa." Nditapita cha m'ma 3 koloko masana ndinapeza zenera likuyang'ana kumadzulo. Ndinapisa dzanja pakati pa nsalu ndi galasi, ndinalichotsa msanga. Bambowa vuto lawo silinali kuwala. Ndikanangowafunsa, akanandiuza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo phula anadya ndi iwo, wosafunsa ndinali ine.

Mmene zimakhalira ndi mmenemu. Dzuwa likangodutsa galasi, kutentha kwalowa kale m'nyumba. Blind ya mkati, ngakhale ikhale ndi siliva kumbuyo kwake, imabweza gawo lina chabe. Kwinako kumaunjikana pakati pa nsalu ndi galasi kenako n'kufalikira m'chipinda. Chomwe chimathana ndi kutentha kwenikweni ndi chotchinga cha kunja, chomwe chimalandira dzuwa lisanakhudze galasi. Choncho wofuna mdima mupatseni blackout ya mkati. Wothawa kutentha muyambe mwamuuza za chakunja. Wofuna zonse ziwiri, muuzeni zoona kuti ndi zinthu ziwiri, ndipo ngati ndalama sizikwanira zonse, asankhe yekha choyambira akudziwa chomwe akugula.

Dzuwa lathu si la m'kabuku

Timabuku ta makampani ambiri a mazenerawa tinalembedwera anthu a ku Ulaya. Mukawerenga mupeza akuti zenera loyang'ana kummwera ndi lomwe limalandira dzuwa lambiri. Kuno n'zosemphana. Harare ili pafupifupi madigiri 18 kummwera kwa Equator, ndiye miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limakhala chakumpoto. Mu Juni limatsika ndithu, masana enieni limakhala pa madigiri 49 okha kuchokera pansi, n'kumalowa bwino m'zenera loyang'ana kumpoto. Limenelo ndi dzuwa lomwe mwininyumba amalifuna, chifukwa Juni ndi Julayi wa kuno mukumudziwa, m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu. Zenera lakumpoto musalitseke ndi chinthu chosachotseka.

Chapakati pa Novembala dzuwa limafika paliwombo penipeni, mu Disembala limapendekera pang'ono kummwera, kumapeto kwa Januwale n'kudutsanso paliwombo pobwerera. Madenga athu ambiri si otsetsereka kwambiri ngati a kumaiko a chipale chofewa, kotero zenera limakhala ngati likuyang'ana kumwamba. Miyezi imeneyi palibe zenera la padenga lomwe limapulumuka masana, liyang'ane kulikonse. Koma loopsa ndi lakumadzulo, lomwe limalandira dzuwa nyumba itatentha kale. Lakummawa vuto lake ndi tulo: mu Novembala dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo namwino wochokera ku ntchito ya usiku kapena mwana wakhanda sangagone.

Mukafika panyumba tsegulani kampasi ya pafoni, muime pansi pa zenera, mulembe komwe denga likuyang'ana. Ngati mukulankhula ndi kasitomala m'shopu, mufunseni kuti dzuwa limagunda pabedi kapena patebulo nthawi yanji. Amayi a m'nyumba amayankha funso limeneli molondola kuposa abambo, ndipo kawirikawiri woyankha bwino koposa amakhala wantchito amene amakhala pakhomopo tsiku lonse.

Chinanso, mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, dzuwa lake ndi lakuthwa. Nsalu zofiira ndi zabuluu wakuda ndaziona zikusuluka msanga padenga. Ine ndimakankhira anthu ku zoyera, zotuwa ndi zakhaki. Ena amaganiza kuti blackout iyenera kukhala yakuda kuti idetse. Ayi, chotchinga kuwala chili kumbuyo kwa nsalu, yoyera imadetsa chimodzimodzi.

Kachitsulo kolembedwa nambala ya zenera

Mazenera a padenga omwe mudzakumane nawo ali magulu awiri. Gulu loyamba ndi a kufakitale, otseguka, okhala ndi dzina: Velux ya ku Denmark, yomwe inayamba mu 1941, Fakro ya ku Poland, Roto ya ku Germany. Awa simuyeza ndi tepi. Mumawerenga nambala.

Pa Velux kokani chogwirira cha pamwamba, zenera litembenuke, muyang'ane m'mphepete mwa pamwamba mwa chitseko chake. Mupeza kachitsulo kolembedwa zilembo monga GGL MK04. Zilembo zoyambazo zikunena mtundu: GGL ndi lamatabwa lozungulira pakati, GGU ndi lozungulira pakati lokutidwa ndi pulasitiki yoyera ya m'bafa ndi m'khitchini, GPL ndi lotsegukira kunja lomangika pamwamba. Zachiwirizo ndi saizi. CK02 ndi masentimita 55 m'lifupi, 78 m'litali. MK04 ndi 78 ndi 98. MK06 ndi 78 ndi 118, MK08 ndi 78 ndi 140, SK06 ndi 114 ndi 118. Manambala amenewa ndi a felemu yonse kunja kwake, si a galasi. Kasitomala akayeza yekha galasi amabwera ndi nambala yocheperapo, ndipo wogulitsa wosadziwa amamuitanitsira saizi yolakwika.

Apa pali msampha wina womwe mphwanga uja anagweramo mwezi wake woyamba. Mazenera akale a Velux amalembedwa M04, ena akale kwambiri 304, pomwe atsopano ndi MK04. Kunja saizi ndi imodzi, koma mkati momwe blind imakhala muli kusiyana, kotero ili ndi blind yakeyake. Chilembo K chimenecho chikasowa pa oda yanu, bokosi lidzabwera, mudzakwera makwerero, n'kutsika nalo. Chimodzimodzinso blind ya Velux silowa pa Fakro, ngakhale onse alembedwe 78 ndi 98. Ine sindilandira nambala yondiwerengera pafoni. Ndimati: "Mayi, chonde jambulani kachitsuloko munditumizire." Chikakhala chosaoneka bwino ndimapita ndekha. Katundu wotereyu ife timaitanitsa kunja, amadzera ku South Africa kudutsa pa Beitbridge, amatenga masabata. Kubweza n'kovuta, ndipo kasitomala amakhala atapereka kale dipoziti yake ya madola.

Gulu lachiwiri, lomwe ndi lochuluka m'Harare muno, ndi mazenera opangidwa konkuno: galasi lomangidwa pafelemu ya aluminiyamu, chipewa chapulasitiki chotumphuka, kapena lata loonekera loikidwa pakati pa malata ena, pansi pake mmisiri ataboola siling'i n'kupanga kabokosi. Awa alibe nambala. Apa ndiye tepi igwire ntchito.

Kuyeza kumene kulibe nambala

Yezani m'mamilimita, ndi tepi yachitsulo, osati ya telala. M'lifupi yezani katatu: pamwamba, pakati, pansi. M'litali katatunso. Lembani zonse zisanu ndi chimodzi, koma potumiza oda mutenge yaing'ono. Kenako yezani mopingasa, ngodya ina kufika ina, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana kwambiri, bokosilo si la sikweya, ndipo tinjanji tikatsata khoma lokhota blind idzayenda bwino pamwamba n'kukakamira pakati. Zikatero mmisiri ayenera kuika timatabwa towongola kaye, ndipo ndalama yake ilowe mu kotesheni lero lomwe, isadzatulukire pa tsiku loika.

Gogodani m'mbali mwa bokosi ndi chala. Pakamveka phwa-phwa, ndi bolodi ya siling'i yokha, sikuluwu sidzagwira. Funani pomwe pali thabwa kumbuyo, mulembe ndi pensulo. Onaninso ngati pali chogwirira, waya wa alamu kapena zitsulo zotchingira akuba zomwe zingatseke njira.

Funso lotsatira ndi loti blind ikhale pati: pafupi ndi galasi kapena pansi, molingana ndi siling'i? Pa chipewa chotumphuka ndi pa lata loonekera palibe kuchitira mwina, iikidwe pansi. Pa galasi wamba la konkuno inenso ndimakonda pansi, pa chifukwa ichi: galasi lomwe silinalimbitsidwe likatentha pakati m'mphepete muli mozizira, limatha kung'aluka lokha. Blackout yoyandikira kwambiri imawonjezera kutentha kumeneko. Siyani mpata woti mpweya uziyenda. Mazenera a kufakitale anapangidwira blind zawo, nkhawa imeneyi ilibe malo kumeneko.

Pabokosi lalikulu, nsalu yosalala imagwa mimba pakati. Pamenepo ndimasankha yamapindo ya timapanga ngati zisa za njuchi, yoyenda pa tizingwe tokungika. Ndi yopepuka, ndipo mpweya wa m'timapangamo umachedwetsa kutentha masana ndi kuzizira kwa usiku wa Juni.

Chipinda chilichonse ndi chake

Kuchipinda chogona, blackout ya tinjanji. Ilipo ina ya nsalu ziwiri pamodzi, yodetsa ndi yamapindo yoyera, yabwino kwa munthu wogona masana ena, masana ena n'kumawerenga. Pabalaza ndi pamakwerero pamangofunika kufewetsa kuwala, roller yopyapyala kapena yamapindo ikwana. Mu ofesi ya kunyumba momwe dzuwa limagunda pakompyuta, ya timizere ta aluminiyamu ndi yabwino chifukwa mumatembenuza timizereto kuwala n'kupita kukhoma.

M'bafa ndi m'khitchini musaike nsalu wamba. Nthunzi imakwera m'mwamba, ndipo pamwamba penipeni ndi pomwe pali zenera lanu. Ndinachotsapo blind ina pamwamba pa chitofu, nsalu yake itamata mafuta, m'mapindo muli nkhungu yakuda, chaka chisanathe. Aluminiyamu mumangopukuta ndi kansalu konyowa.

Neti ya tizilombo anthu amaikumbuka mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zitadzaza pabedi chifukwa cha getsi, udzudzu nawo uli m'khutu. Ikumbutseni inuyo mu Okutobala. Netiyi simangidwa pazenera, imamangidwa pakhoma kuzungulira bokosi lonse, ndiye muyeso wake ndi wa bowo la pakhoma, osati nambala ya pakachitsulo.

Tibwerere kwa bambo a ku Greendale aja. Zenera lawo linali la kufakitale, lozungulira pakati, choncho tinawaitanitsira chakunja cha nsalu yonga neti yakuda, yomwe munthu amaonabe kunja ili chitsekere. Kukoma kwake n'koti simukwera padenga: mumatembenuza chitseko cha zenera mpaka kunja kubwere mkati, n'kumangirira muli m'chipinda. Nthawi yozizira amangoikolola, imadzipinda yokha pamwamba. Pa mazenera a konkuno osatseguka, njira yomwe ndaona ikugwira ndi felemu yachitsulo yokhala ndi neti ya shedi yotchinga 80% ya dzuwa, yokwezedwa pang'ono pamwamba pa galasi kuti mphepo izidutsa. Owotcherera a ku Siyaso ku Mbare amaipanga mukawapatsa muyeso. Koma imangidwe ndi mmisiri wa madenga, yemwe akudziwa pomwe angaboole madzi osalowa, ndipo ilimbe chifukwa mphepo ya Ogasiti imanyamula chilichonse chongosanjika. Ngati denga ndi la asibesito, monga nyumba zambiri zakale za ku Highfield, Mbare ndi Mufakose, musalole mnyamata wanu kuboola kapena kudula. Fumbi lake limawononga mapapo, ndipo asibesito wakale amathyoka munthu akaponda.

Dzanja, ndodo kapena rimoti

Imani pansi pa zenera mukweze dzanja. Kenako funsani amene adzatsegule tsiku ndi tsiku, mwina ndi agogo, mwina ndi mwana wa sukulu. Ngati dzanja silifika, pali ndodo yotalikitsika yokokera. Ikani mu kotesheni, ndipo onetsetsani kuti kansonga kake kakugwirizana ndi blindyo. Blind yosafikirika imatsekedwa kamodzi n'kukhala chomwecho mpaka kalekale, zenera lomwe munthu analipira ndalama zambiri n'kusanduka siling'i.

Pamwamba kwambiri, monga pamakwerero a nyumba zosanja, pamafunika ya mota. Zilipo za magetsi a m'nyumba ndi za sola, zokhala ndi kasola kakang'ono koyang'ana kugalasi ndi batire mkati. Mmene magetsi amazimira kuno, ine ndimalangiza ya sola: palibe kugumula khoma kuti mudutse waya, ndipo imagwira ntchito magetsi kulibe. Kungoti kasolako kazilandira kuwala, ndiye onani ngati pali mtengo wa msasa kapena thanki yamadzi yophimba, ndipo muuzeni kasitomala kuti batire ndi chinthu chomwe chidzafune kusintha patapita zaka. M'chipinda cha ana pewani chilichonse chokhala ndi chingwe cholendewera.

Tsiku loika

Musatsegule bokosi musanafananize nambala yake ndi ya pakachitsulo. Yalani nsalu pansi, sunthani bedi, makwerero agwiridwe ndi munthu wina. Sambani m'manja, chala chakuda pa blind yoyera sichichoka. Pukutani galasi ndi felemu tsopano, chifukwa mukaika, m'makona simudzafikanso bwino. Ndipo pitani m'mawa. Pansi pa galasi masana a Novembala munthu amachita chizungulire ali pamakwerero.

Pa Velux yatsopano mupeza timapulasitiki tiwiri tomangidwa kale m'makona a pamwamba. Kabokosi ka blind mumangokakankhira pamenepo mpaka mumve kuti khethe mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikapanda kulira, musapitirire, kachotseni muyambenso. Pa zenera lakale timapulasitikito mumamanga nokha, tili m'bokosi momwemo. Kenako tinjanji: kali konse kali ndi mbali yake, lowetsani nsonga ya pamwamba m'kabokosi, mugoneke kanjanji m'mphepete mwa felemu, ndipo muonetsetse kuti nsonga za chogwirira cha blind zalowa m'njira yake. Masikuluwu mangani ndi dzanja, ndi kasikuludiraiva kamene kamabwera m'bokosi. Dirilu imapitirira muyeso, kanjanji n'kupindika, blind n'kumakakamira pomwepo masiku onse. Yambani mwawamanga mosalimbitsa onse, mukokere blind pansi ndi pamwamba, kenako mulimbitse.

Pomaliza ndi tizingwe ta m'mbali, tomwe nsonga zake zimakodwa pansi pa tinjanji. Timeneti ndi tomwe timachititsa kuti blind iime pomwe mwaisiya. Tikapotana kapena kamodzi kakatsala kosakola, chogwirira chimapendekeka, mbali ina kutsogola. Musachikakamize, bwererani pamwamba, muwongole chingwe. Tizidutswa tomwe tinamangirira katundu paulendo tichotsedwe pa nthawi yomwe kabuku ka m'bokosi kanena, osati poyamba. Kabukuko ndi ka zithunzi zokhazokha, katsatireni ngakhale mwaika kambirimbiri, chifukwa mitundu imasiyana pang'onopang'ono.

Pa mazenera a konkuno ntchito imatalika. Lembani mzere wowongoka mbali zonse ziwiri, muyeze mpata wa pakati pa tinjanji pamwamba ndi pansi kuti ufanane, muboole timabowo totsogolera musanalowetse sikuluwu. Tizingwe mukunge mofanana. Mukatikhudza ndi chala tizimveka kulimba kumodzi.

Mukamaliza tsekani blind yonse, mutseke chitseko cha chipinda, muime kaye mphindi imodzi maso azolowere. Kuwala kukamadontha m'kona mukuona pomwepo. Kenako tsegulani zenera lenilenilo ndi kulitembenuza, muone kuti palibe chomwe chikugunda. Mukatero itanani mwininyumba ndi amene amasesa m'chipindamo. Ndimawauza kuti: "Mayi, gwirani pakati pa chogwirirachi, osati kumapeto, mukoke pang'onopang'ono." Ndimawasiya akoke okha katatu ine ndikuyang'ana. Ndimawauzanso kuti nsaluyi sichapidwa, fumbi la Ogasiti ndi Seputembala azichotsa ndi kaburashi kofewa, ndipo m'mawa wa nyengo yozizira azitsegula pang'ono kuti thukuta la pagalasi liume.

Nambala ya zenera, mtundu wa nsalu ndi komwe denga likuyang'ana ndimazilemba kumbuyo kwa lisiti la kasitomala, ndi m'kope langa lomwe. Adzukulu a bambo a ku Greendale aja anakula, chipindacho tsopano amagonamo alendo ochokera kumudzi. Chaka chatha mayi a pakhomopo anaimba kuti akufuna neti ya udzudzu. Ndinatsegula kope, tsamba lawo ndinalipeza, koma popeza neti imayezedwa pakhoma, ndinatenga tepi n'kukwera kombi ya ku Greendale.